Moni M'khoko la Mkuwa

Tsiku loyamba limene Edda anaona onga wa chipolopolo chimodzi uli pasikelo, anaseka. Anaganiza kuti a Bennett akumupusitsa. Kanali kamulu kotuwa, kochepa kuposa mchere umene munthu amatsina kuti awaze padzira, koma mdala uja ankati kameneko ndi kamene kamatulutsa phokoso logwedeza chifuwa lija, n'kukankha mtovu mpaka kukaboola chandamale munthu asanaphethire n'komwe.

"Kokhaka basi?" anafunsa Edda.

"Kokhako," anayankha a Bennett. "Ukakathira kawiri, zotsatira zake ndi izi."

Anatsegula kabati ya m'chipinda cha kalabu yawo ya owombera, n'kutulutsa mfuti yam'manja imene inali itasiya kalekale kukhala mfuti. Pamimba pake, pamene pamalowa zipolopolo, panali patang'ambika ngati mbuliwuli, ndipo chitsulo chapamwamba chinali chitapindika n'kuloza kudenga. Edda ndi namwino, ndipo maso ake aona mabala amitundumitundu, koma chitsulo chong'ambikacho chinamuopsa. Anachigwira ndi nsonga ya chala, akuyang'ananso kamulu kaja pasikelo, osamvetsa kuti zinthu ziwirizi n'zapachibale. Atafunsa za mwini mfutiyo, a Bennett anangoti ali moyo ndithu, kungoti masiku ano amagula nsapato zopanda zingwe, poti zala zomangira alibenso.

Edda analowa m'masewerawa mosayembekezera. Mnzake wa kuntchito, Jacqueline, amene amasamala naye nkhalamba panyumba ina ku Midland, dera lina la mzinda wa Perth, anamukoka tsiku lina kuti akangoonerera. Anapita monyinyirika, koma atavala zotseka m'makutu n'kuima pamzere, anapeza chinthu chimene ankachisowa osadziwa. Panalibe belu la wodwala, panalibe foni, panalibe womuitana. Panali iye, mpweya wake, ndi kadontho kakuda patsogolo. Anapirira miyezi yoyesedwa, anapeza laisensi, anagula mfuti yake ndi bokosi lachitsulo loikiyiramo. Amalawi anzake kutchalitchi anayamba kumutchula kuti msilikali, ena akumuchitira sawasha pakhomo la tchalitchi penipeni, iye n'kumangoseka.

Tsopano ankafuna kulowa mpikisano wake woyamba, ndipo opikisana enieni amadzipangira okha zipolopolo zogwirizana ndi mfuti zawo. A Bennett, mmodzi wa akuluakulu a pakalabupo, anamubwereka makina awo akale, n'kubwera okha kudzawamangirira patebulo m'galaja ya Edda ku Balga. Ntchito yake ndi yosavuta kuiona. Umaika khoko la mkuwa lopanda kanthu, n'kukoka mkono wa makina, onga umagwera m'khokomo. Kenako umasuzumira m'kati kuti uone ndi maso ako, n'kutembenuza mutu wa makinawo, kukhazika mtovu pamwamba, n'kukokanso. Chipolopolo chatha, chigwere m'kontena yakale ya ayisikilimu. Koma khoko la mfuti ya Edda ndi lalitali, onga umakakhala pansi penipeni, moti ngakhale utathira kawiri silidzaza, limangomeza mwakachetechete.

N'chifukwa chake a Bennett anamusiyira lamulo limodzi lokha. "Dzanja likakhala pamkono wa makina, ulibe makutu, ulibe pakamwa. Foni ilire, wina agogode, umalize kaye chimene wayamba."

Edda anavomera msangamsanga, poti lamulo lotere n'losavuta kulisunga m'nyumba imene mwamuna ali kumgodi kumpoto ndipo mwana ali kusukulu. Anaiwala kuti mwezi womwewo kunkabwera apongozi ake.

Mayi Nora Aleke, amayi a Luwayo mwamuna wa Edda, anatera ku Perth kuchokera ku Area 25 ndi masutikesi awiri komanso maganizo okhazikika pa nkhani ya moni. Kwa iwo moni si nkhani yamasewera. Ankapatsa moni woyendetsa basi, wobweretsa makalata, ndi mnansi wa ku Sudan amene sankamva ngakhale liwu limodzi la zonena zawo. Madzulo aliwonse ankadandaula kuti anthu a kuno amadutsana ngati mbuzi panjira, ndipo mdzukulu wawo Samantha akawayankha m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno, ankamubwezetsa pakhomo kuti alowenso bwinobwino. Chinthu chimodzi chimene ankanyadira, ndipo ankachinena pafoni kwa amayi anzawo a Mvano kumudzi mokweza kuti Edda amve, n'chakuti mpongozi wawo sanataye mawondo. Mfutiyo sankaikonda, koma ankaipirira chifukwa cha mawondo amenewo. Edda ankamva kukoma mumtima akamva mawuwo, ndipo sankafuna kuti asinthe.

Lachitatu masana anafika kuchokera kuntchito n'kupeza apongozi akugona. Analowa m'galaja mwakachetechete, n'kuyamba kupanga zipolopolo za mpikisano wa Loweruka. Ntchito inkayenda bwino, kontena ya ayisikilimu ija ikudzaza pang'onopang'ono, mkuwa ukunyezimira padzuwa lolowera pawindo. Ndiye chitseko chinalira.

"Odi kuno! Mwaswera bwanji, amake Samantha?"

Thupi la Edda linayankha mutu usanafunsidwe. Anasiya mkono wa makina, anadzuka, anapinda mawondo, manja pamodzi. "Ndaswera bwino amayi, kaya inu?"

Moni wa Mayi Aleke sathera pamenepo. Anafunsa za kuntchito, za agogo aja amene amakana kudya, za sitima ya ku Midland ngati inadzaza, za Luwayo ngati waimba. Edda anayankha zonse, nayenso anafunsa za msana wawo ndi tulo tawo. Atatha, apongozi sanachoke, anaima pomwepo kuti aone ntchito yodabwitsayi. Edda anakhalanso pampando, anaona khoko lili pamakina lopanda mtovu, anakoka mkono, anakhazika mtovu, anakokanso, chipolopolo n'kugwera pa zinzake. Ankafuna kuti apongozi aone manja odziwa ntchito, choncho anachita zonse mofulumira ndi mokongola. Anapanga zina zingapo, kenako anakhutchumula kontena ija kuti zikhale bwino, n'kuikiyira m'bokosi.

Nkhaniyi inamupeza mawa lake ku Midland, atagwira kapu ya mankhwala pafupi ndi bedi la nkhalamba ina. Wina anamuitana pakhonde, iye anacheuka, ndipo pobwerera anadzifunsa monga amachitira namwino aliyense, kodi piritsi ili ndapereka kale? Pomwepo anakumbukira. Khoko lija! Pamene apongozi ankati odi, kodi anali atakoka kale mkono kapena ayi? Anayesa kukumbukira, koma chimene chinkabwera chinali mawondo ake akupinda ndi nkhope ya apongozi pachitseko. Chimodzi chokha ankachidziwa bwino: sanasuzumire m'kati.

Nthawi yopuma anaimbira Luwayo. Mwamunayo ndi injiniya, ndipo injiniya sasowa yankho. "Ingoziyeza pasikelo chimodzichimodzi, cholemera kwambiricho ndi chomwecho. Nkhani yaing'ono imeneyo."

Edda anapumako pang'ono, koma anaimbiranso a Bennett. Mdalayo sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa kukalipiridwa. Anamufotokozera kuti makoko okhaokha amasiyana kulemera kuposa onga wonsewo, moti sikelo ingomunamiza. Njira inali imodzi, kumasula zonse.

"Zonse? Mwina sindinathire kawiri n'komwe."

"Mwina," anatero a Bennett. "Dzanja ndi lako."

M'sitima pobwerera, Edda ankangoyang'ana dzanja lakelo. Ndi dzanja limene limabaya jakisoni, kutembenuza odwala, kuluka tsitsi la Samantha. Mtima wina unkamunong'oneza kuti akudzivutitsa chabe, zipolopolo zonse zija n'zabwinobwino, ndipo akazimasula sapeza nthawi yopanganso zokwanira. Koma akatseka maso ankaona chitsulo chopindika chija chikuloza kudenga. Anachita mantha enieni, osati a mfuti, koma a kanthu kakang'ono kamene kanagona phee pakati pa anzake, kofanana nawo ndendende.

Lachisanu sanali pantchito. Atangoperekeza Samantha kusukulu, analowa m'galaja n'kutenga nyundo yapulasitiki yamphako imene a Bennett anamusiyira. Umalowetsa chipolopolo m'mphakomo, n'kumenya pachipika mpaka mtovu ndi onga zitatuluka. Phokoso lake si lobisika. Asanamasule zambiri, Mayi Aleke anali pachitseko, atamanga chitenje pamwamba pa juzi.

"Kodi kwagwanji? Dzana mumapanga, lero mukuphwanya?"

Edda anaika nyundo pansi. Akanatha kunama kuti ndi mmene ntchitoyi imayendera, ndipo bodzalo linafika mpaka pamilomo. Koma anadziwa kuti akanama lero, mawa chitseko chidzaliranso, mawondo ake adzapindanso.

"Amayi, dzana lija pamene munandipatsa moni, ndinasiya ntchito pakati. Ndikuopa kuti m'chipolopolo chimodzi ndinathira onga kawiri."

Nkhope ya apongozi inasintha pang'onopang'ono. "Ndiye kuti moni wanga ndi umene waononga zinthu."

"Ayi amayi, wolakwa ndine. Sindinasuzumire."

"Musandipake mafuta pakamwa, amake Samantha. Nenani zimene mukufuna kunena."

Edda anayang'ana pansi. "Ndikakhala pamakinawa, sindiyenera kuyankha munthu. Aliyense."

"Ngakhale ine."

"Ngakhale inu, amayi."

Mawu amenewa anamuwawa yekha powatulutsa. Mayi Aleke anakoka mpando wapulasitiki, anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukhala atapinda manja pachifuwa. "Chabwino. Ndikhala pompano, ndiuone moni wangawo."

Ndiye ntchito inapitirira, munthu mmodzi akumenya, wina akuonerera ngati woweruza. Edda ankamenya, kukhuthulira onga m'kambale ka sikelo, kuyang'ana, n'kubwezera m'chitini cha onga. Chilichonse chinkatuluka chimodzimodzi, kamulu kofanana ndi kanzake. Dzuwa linakwera, malata a galaja anayamba kutentha, phewa linayamba kuwawa, kontena ikuphwa. Chikatuluka chabwino, apongozi ankangoti "Mhm," ndipo mhm ameneyo ankakula ndi chipolopolo chilichonse. Edda anadzipeza akupemphera kuti choipacho chipezeke, kenako anachita manyazi ndi pemphero lotero.

Pansi pa kontena patatsala zowerengeka, anamenya china, n'kukhuthula. Sanafunikire kuyang'ana manambala a sikelo. Kamuluko kanali konenepa, katatambalala m'kambale ngati kali ndi ufulu wonse. Anakhala pansi pasimenti nyundo ili m'manja. Chipolopolo chimenecho akanachinyamula mawa lake m'thumba, akanachilowetsa m'mfuti ndi zala zake zomwe, n'kutambasula mkono mosadandaula.

Mayi Aleke anadzuka, anavala magalasi, n'kuwerama pasikelo nthawi yaitali. "Kameneka?" anatero. "Kameneka ngakhale nyerere ikhoza kusenza. Ndiye mundiuze kuti n'kamene kakuletseni kuyankha amayi a amuna anu?" Anavula magalasi aja. "Mawa ndipita nawo. Ndikaone ndekha."

Anatuluka, ndipo tsiku lonselo sanayandikirenso galaja. Edda anapanganso zipolopolo mpaka dzuwa kupendeka, akusuzumira m'khoko lililonse ndi tochi. Chakudya chamadzulo chinadyedwa mwaulemu wozizira, aliyense akuthokoza mnzake mopitirira muyeso.

Loweruka anafika kukalabu m'mawa, kuthengo kunja kwa mzinda, kumene mitengo ya bulugamu imanunkhira dzuwa likayamba kutentha. Mayi Aleke anavala suti yawo yakutchalitchi, ndipo anapatsa moni aliyense pamalopo, mpaka a Bennett anavula chipewa. Anawaveka zotseka m'makutu pamwamba pa duku, n'kuwakhazika kumbuyo kwa mzere.

Edda anaima pamalo pake. Anatambasula mkono, anatulutsa mpweya, n'kukoka. Ngakhale iye amene anazolowera, tsiku limenelo analimva phokosolo mwatsopano, poti tsopano ankadziwa kukula kwa kamulu kamene kalibereka, ndipo anali atakathira yekha. Moto unatuluka, mfuti inadumpha m'manja, fumbi linabuka kuseri kwa chandamale, zonsezi pakamphindi kamodzi. Atamaliza gawo loyamba anacheuka. Apongozi anali ataimirira, chikwama chitagwera pansi, dzanja lili pachifuwa pamene phokoso lija linawagunda.

Pampikisanowo Edda anathera kumunsi kwenikweni, ndipo palibe amene anadabwa. Anthu akumwa tiyi, Mayi Aleke anamukoka pambali, mawu awo atatsika.

"Phokoso lonse lija, ndi kamulu kamodzi?"

"Kamodzi, amayi."

"Nanga kawiri?"

Edda anapempha a Bennett kuti atsegule kabati ija. Mdalayo anaika mfuti yong'ambika ija patebulo. Mayi Aleke anaiyang'ana, anaizungulira, anagwira chitsulo chopindikacho n'kuyesa kuchiwongola ndi chala, ngati kuti mwina n'chofewa. Sichinasunthe. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mulungu wanga," ananong'ona. "Kanthu kochepa chonchija."

Kenako anayang'ana dzanja lamanja la Edda, limene linali litagwira kapu ya tiyi, ndipo analiyang'anitsitsa mpaka Edda anachita manyazi n'kusinthira kapuyo kumanzere. M'galimoto pobwerera ku Balga apongozi sanadandaule n'komwe za anthu odutsana ngati mbuzi. Edda sanadziwe ngati akhululukidwa kapena ayi, ndipo anaopa kufunsa.

Sabata yotsatira, masana ena, anakhalanso pamakina. Anali atangokoka mkono, onga utagwera m'khoko, pamene anamva masilipasi akubwera m'khonde. Chitseko chinalira, chithunzithunzi cha munthu chinagwera patebulo. Mawondo ake anayamba okha kufuna kudzuka, ndipo anachita kuwakanikiza pansi pa tebulo. Anasuzumira m'khoko, anaona kamulu kamodzi, anakhazika mtovu. Kumbuyo kwake kunali zii. Anatenga khoko lina, akudikira odi amene sanabwere.

Posakhalitsa panja panaima galimoto. Anali a Overstone, mkulu wa mpingo, amene mawu awo safuna maikolofoni. Ataona chitseko cha galaja chili chotsegula analunjika komweko, akuomba m'manja. "Odi, odi! Msilikali alipo? Mwaswera bwa..."

"Shhh!" Mayi Aleke anawatchingira njira ndi thupi lonse, akunong'ona mwaukali. "Aswera bwino. Moni wanuyo ndipatseni ine, ndiwasungira. Inu kakhaleni pabalaza."

"Koma mayi, ndimangofuna..."

"Pabalaza, abambo."

Mapazi a mkulu wa mpingo anabwerera mofatsa. Edda sanacheuke. Maso ake anadzaza misozi moti anachita kuphethira kawiri kuti aone bwino m'khoko, ndipo anasuzumira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anamaliza mzere wonse, anatseka chitini cha onga, anachotsa dzanja pamkono wa makina, n'kutembenuka.

Apongozi anali chiimire pachitseko, atanyamula kapu ya tiyi amene anali atasiya kalekale kufuka nthunzi. Edda anadzuka n'kugwada mpaka mawondo kugunda simenti.

"Mwatha?" anafunsa Mayi Aleke.

"Ndatha, amayi."

Anaika kapu ija pashelefu, n'kutenga dzanja lamanja la Edda m'manja awo onse awiri. Chala chawo chachikulu chinayenda pa zala zake, chimodzi ndi chimodzi, mpaka kukafika pa kakang'ono.

"Ndakusungirani moni wa anthu awiri, wanga ndi wa a Overstone," anatero. "Koma mulandire payekhapayekha, tisathire kawiri m'khoko limodzi. Tiyambe ndi wanga. Mwaswera bwanji, mwana wanga?"